BOWA WOSADYEDWA UMENE UNASOWA ZAKA 126

M'caka ca 2006, m'cigawo ca Suffolk kum'mawa kwa dziko la England, pamalo ena a mcenga, panapezeka bowa umene akatswiri a m'dzikomo anali ataulemba kale m'gulu la zinthu zimene zinatha. Nthawi yotsiriza imene munthu anauona ukumera m'dziko la England inali m'caka ca 1880, m'cigawo coyandikana naco ca Norfolk. Kucokera pamenepo panapita zaka 126. Amene anauona kotsiriza anakalamba namwalira, ana ao anamwaliranso, ndipo bowawo unangotsala m'mabuku ndi m'mabokosi osungiramo zinthu zouma.

Bowa umenewu sudyedwa, ndipo palibe amene amaugulitsa pamsika. Mai wa ku Katete kapena ku Petauke atakumana nao m'thengo nthawi ya dzinja angaupitirire osauceukira n'komwe, pakuti kwa iye bowa ndi umene umalowa mumphika, ndipo zina zonse zomera pa zitsa ndi m'zinyalala nzacabe. Komabe ku maiko a ku Ulaya kuli anthu amene amayenda mitunda, mphepo yozizira ya kunyanja ikuwaomba, kufuna-funa bowa womwewu. Dzina lake m'mabuku a sayansi ndi Myriostoma coliforme. Mbiri yake ndi ya cinthu cimene anthu anafuna kucisunga asanacidziwe bwino, ndipo nthawi ndi nthawi kusadziwako kunawasokeretsa.

Nyenyezi yomera m'nthaka

Bowa wozolowereka m'midzi, monga ndelema ndi utale, uli ndi tsinde ndi cipewa pamwamba pake. Uwu suli conco. Umafanana ndi tibowa tija tozungulira ngati mazira, timene tikauma ndi kupondedwa timatulutsa fumbi lofiirira, timene ena amaticha fodya wa nyani.

Poyamba umakhala ngati kambatata kozungulira, kobisika mumcenga kapena pansi pa masamba oola. Ukakhwima, cikopa cake cakunja cimang'ambika kuyambira pamwamba nicigawika m'nthambi zosongoka, zimene zimatambasuka ndi kupindikira pansi. Pakati pamatsala kathumba kozungulira kodzaza ndi fumbi. Munthu akaimirira naweramira pansi, amaona ngati nyenyezi yagwa pamcenga, ndipo ndico cifukwa cake m'zinenero zambiri za ku Ulaya bowa wotere umachedwa nyenyezi ya pansi. Ngakhale dzina la sayansi la gulu lalikulu la bowa wotere, Geastrum, linacokera ku mau awiri a Cigriki, lina lotanthauza dziko lapansi ndi lina lotanthauza nyenyezi.

Kupindika kwa nthambizo kuli ndi nchito yake. Zikapindikira pansi zimakankha nthaka, ndipo kathumba kaja kamakwezeka pamwamba pa masamba ndi udzu. Fumbi la m'kati mwake ndilo mbeu za bowawo. Timbeu take ndi tating'ono kwambiri, kotero kuti pafupi-fupi 200 titandandalikidwa pamzere tingangokwana milimita imodzi. Tsono bowa ulibe dzanja lofesera, cotero umadikira mvula. Dontho likagwera pa kathumbako, cikopa cake, cimene ncopyapyala ngati pepala, cimafinyika pang'ono, ndipo fumbi limatuluka ngati utsi, monga momwe mvukuto wa wosula makasu umapemerera moto. Mphepo imalitenga nilifesa kutali.

Cimene cimaoneka pamwamba pa nthaka ndi cipatso cabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera timene timayanga m'nthaka, tikudya masamba oola ndi tinthambi takufa ndi kuzisandutsa manyowa. Timaulusi timeneti tikhoza kukhala zaka zambiri osabereka. Ndipo tikabereka pamalo pamene sipadutsa munthu wodziwa, cipatsoco cimauma, cimazuka, niciuluzika popanda wocilemba m'buku. Ndico cifukwa cake kunena kuti bowa wina watha ndi nkhani yovuta kuposa kunena kuti zipembere zatha m'nkhalango. Cipembere cimasiya mapazi caka conse, pamene bowa ukhoza kukhalapo osaonetsa cizindikiro ciriconse.

Pakamwa pambiri, miyendo yambiri

Nyenyezi za pansi ziripo za mitundu-mitundu, ndipo zambiri zimafanana monga ana a mai mmodzi. Wofuna kuzisiyanitsa amagwada pansi, m'manja muli kagalasi kokulitsa zinthu, nayamba kufunsa mafunso. Kodi pakamwa pa kathumba mpotani, posalala kapena pamakwinya ngati pakamwa pa thumba lomangidwa ndi cingwe? Kodi kathumbako kakhala pa katsinde kapena kangokhazikika pakati pa nthambi? Kodi kunsi kwa nthambi kwamatirira mcenga ndi zinyalala kapena nkoyera? Nanga nthambizo zikauma zimafumbata kathumba kapena zimakhala zotambasuka? Mitundu ina imafumbata kukakhala dzuwa ndi kutambasuka ikanyowa, ndipo munthu akaiika m'madzi ngakhale patapita zaka imatsegukabe. Ngati zonsezi sizikwanira, timbeu timaonedwa pa makina okulitsa zinthu ochedwa maikulosikopu.

Pakati pa zofananazi, Myriostoma uli ndi zizindikiro ziwiri zimene sizisokoneza. Nyenyezi zina zonse ziri ndi pakamwa pamodzi, pamwamba penipeni pa kathumba, ndipo ngati ziri ndi tsinde limakhala limodzi. Myriostoma uli ndi timabowo tambiri tomwazikana pamwamba pa kathumba kake, ndipo kathumbako kamaima pa timiyendo tambiri, ngati nkhokwe pa mafoloko ake. Kathumbako nkotuwa monyezimira pang'ono ngati siliva, ndipo nkokhakhala ukakakhudza. Bowa wonse ukatambasuka ukhoza kudzaza cikhatho ca munthu, pafupi-fupi masentimita 10 m'mimba mwake.

Cenjezo liripo ndithu. Nyenyezi yokalamba ya mtundu wina, imene yakhala miyezi pamvula ndi padzuwa, ikhoza kubooledwa ndi tizirombo kapena kung'ambika, munthu wofulumira nkuganiza kuti wapeza cinthu cosowa cija. Wodziwa nchito sakhulupirira mabowo okha. Amapendeketsa bowawo nayang'ana kunsi kwa kathumba kuti awerenge miyendo. Ndiponso mabowo enieni amakhala ozungulira bwino ndi otukuka pang'ono m'mbali mwake, pamene obooledwa ndi tizirombo amakhala osalongosoka.

Maina ake onse amanena za mabowo omwewo. Myriostoma ndi mau a Cigriki otanthauza pakamwa posawerengeka. Coliforme ndi mau a Cilatini otanthauza cinthu cooneka ngati sefa, kapena mphika uja wobowola-bowola umene amai amasefera madzi a phulusa popanga cidulo. Angelezi amaucha pepperpot ndipo anthu a ku Netherlands amati peperbus, ndiko kuti kabotolo kowazira tsabola patebulo.

Codabwitsa ncakuti dziko limene linautaya ndilo linayamba kuulemba. Katswiri wa zomera Samuel Doody anaupeza m'cigawo ca Kent m'caka ca 1695, ndipo m'caka cotsatira unachulidwa m'buku la John Ray lofotokoza zomera za ku Britain. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 unapatsidwa dzina la sayansi loyamba, Lycoperdon coliforme, ndipo pa nthawiyo unali kupezeka m'mbali mwa miseu ndi m'mipanda ya zitsamba ya ku Suffolk ndi Norfolk. M'caka ca 1809 katswiri wa ku France, Desvaux, anaupatula ku bowa wina naupatsa dzina la Myriostoma. Patapita zaka 71 kucokera pamenepo, unasowa ku England.

Milu ya mcenga ya ku Netherlands

Munthu akaima pagombe la Suffolk nayang'ana kotulukira dzuwa, tsidya lina la nyanja ya North Sea kuli dziko la Netherlands. Kumeneko bowawu sunasowe monga unacitira ku England, ndipo malo ake enieni ndi milu ya mcenga ya m'mbali mwa nyanja. Umameranso m'malo ena a mcenga kutali ndi nyanja, monga ku Hungary, koma ku Netherlands moyo wake wamangika ku gombe.

Dziko la Zambia liribe nyanja yamcere, cotero nkofunika kufotokoza. Amene anaonapo mcenga wa mumtsinje wa Luangwa m'mwezi wa October aganize mcenga wotero utaunjikidwa ndi mphepo kukhala zitunda zazitali kuposa mitengo, zotsatana-tsatana motsata gombe mtunda wa makilomita ambiri-mbiri. Zitunda zoyang'anizana ndi madzi zimakhala za mcenga woyera umene umasuntha ndi mphepo, ndipo zimagwiridwa ndi udzu wolimba wa mizu yaitali. Kumbuyo kwake mcenga umakhazikika, pamamera udzu waufupi ndi ndere. Kumbuyonso kwa pamenepo kumayamba zitsamba za minga ndi timitengo, kenaka nkhalango. M'madera ambiri mcengawo ngwosakanikirana ndi tizidutswa ta zigoba za nkhono za m'nyanja, zimene zimaupatsa laimu. Madzi a mvula sakhalitsa, amalowa pansi msanga, ndipo mbali zoyang'ana dzuwa zimatentha. Nthaka yotere mlimi angaikane, koma nyenyezi za pansi zimaikonda. M'dzikomo muli mitundu yake pafupi-fupi 20, ndipo yambiri mwa iyo imapezeka m'milu yomweyi.

Anthu a ku Netherlands sanasunge miluyi cifukwa ca bowa ai. Gawo limodzi mwa magawo anai a dziko lao liri pansi kuposa madzi a m'nyanja, ndipo milu ya mcenga ndiyo linga lao. Amadziwa cimene madzi amacita akapeza polowera: usiku wa pa 31 January 1953, nyanja inaswa zipupa zochinga madzi kum'mwera cakumadzulo kwa dzikolo, ndipo anthu 1,836 anafa. Cifukwa caciwiri ndi madzi akumwa. Mcenga umasefa madzi, ndipo mzinda wa Amsterdam wakhala ukumwa madzi ocokera m'milu ya mcenga kuyambira m'caka ca 1853. Mpaka lero madera akulu-akulu a miluyi, monga Meijendel pafupi ndi mzinda wa The Hague, amasamalidwa ndi makampani a madzi. Pamalo otere sipamangidwa nyumba mwacisawawa ndipo sipalimidwa. Bowa unangopeza mwai wokhala mumpanda umene unamangidwira zinthu zina.

Akalulu atafa

Koma mpanda wokha sunakwanire. Vuto linadza kucokera kumene palibe amene anali kuyang'anako.

Kwa zaka mazana ambiri m'milu ya mcenga munali akalulu osawerengeka. Kalulu wa ku Ulaya amasiyana ndi wa m'nthano zathu, pakuti amakhala m'magulu ndipo amakumba maenje. Akaluluwa anali kudya udzu nukhala waufupi ngati wometedwa, ndipo pokumba anali kutulutsa mcenga watsopano wa laimu naumwaza pamwamba. M'caka ca 1953 matenda a myxomatosis anafika ku Britain ndi ku Netherlands. Ku Britain anapha akalulu pafupi-fupi 99 pa 100 alionse. Otsala atayamba kuswananso, ca m'ma 1990 kunabwera matenda ena ocititsa akalulu kukha mwazi m'kati mwa thupi, ndipo m'milu yambiri ya ku Netherlands anacepanso kwambiri.

Pa nthawi yomweyo kumwamba kunali kugwa fataleza amene palibe anamuitanitsa. Dziko la Netherlands ndi laling'ono koma liri ndi ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku zocuruka zedi. Mpweya wocokera m'ndowe zake, pamodzi ndi utsi wa magalimoto, mafakitale ndi zombo, umanyamula naitrojeni, cinthu comweco cimene ciri m'fataleza wobereketsa cimanga. Naitrojeni ameneyu amatsika ndi mvula ndi fumbi. M'munda ndi dalitso, koma pamcenga wozolowera njala amadyetsa udzu wautali ndi zitsamba, zimene zimakula msanga ndi kuphimba zonse zazing'ono. Wodya udzu kulibe, wouthira fataleza alipo: madera amene anali a udzu waufupi ndi mcenga woonekera anasanduka chire lowirira.

Nyenyezi zing'ono-zing'ono za pamtetete, zimene zina mwa izo sizikula kuposa cikhadabo ca cala cacikulu, zimafuna udzu waufupi, ndere ndi dzuwa. Udzu ukatalika nuunjikana, malo ake amatha. Pofuna kukonza zinthu, osamalira milu anabweretsa ng'ombe, akavalo ndi nkhosa kuti zigwire nchito imene anali kugwira akalulu. Ku Kraansvlak, m'nkhalango yosungidwa ya Zuid-Kennemerland, m'caka ca 2007 anaikako ngakhale njati za ku Ulaya. M'madera ena amadula zitsamba, amapala nthaka yapamwamba ndi makina, ndipo amatsegula mipata m'zitunda kuti mphepo iyambenso kuuluza mcenga.

Apa ndi pamene kuzindikira mitundu kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Myriostoma sumera pamtetete monga anzake ang'ono-ang'ono aja. Umakonda m'mphepete mwa zitsamba ndi pansi pa timitengo, pamene mcenga wofewa wasakanikirana ndi masamba oola. Zitsamba zimene wosamalira malo akufuna kudula kuti apulumutse nyenyezi ya pamtetete zikhoza kukhala nyumba ya nyenyezi ya mabowo ambiri. Makina opala nthaka akadutsa pamenepo tsiku limodzi, timaulusi timene takhala mumcengamo zaka zambiri timapita pamodzi ndi zinyalala. Ng'ombenso zikacuruka pamalo amodzi zimaponda-ponda ndi kuononga cimene zinabwerera kudzateteza. Munthu amene kwa iye nyenyezi zonse ndi cimodzi-modzi akhoza kupha ina ali ndi mtima wofuna kupulumutsa inzake. Cotero nkofunika kuti asanatenge nkhwangwa adziwe mtundu umene uli pansi pa citsamba ciriconse.

Odziwa zimenezi ambiri a iwo si anchito a boma. Ndi aphunzitsi, makalaliki ndi anthu opuma panchito amene amacita zimenezi mwa cikondi cabe. Bungwe lao ku Netherlands, Nederlandse Mycologische Vereniging, linakhazikitsidwa m'caka ca 1908. M'miyezi ya September, October ndi November, pamene bowa umabereka kumeneko, amayendera malo omwe-omwewo caka ndi caka, kuwerenga ndi kulemba. Nyenyezi za pansi zimawathandiza pa cinthu cimodzi: sizivunda msanga monga bowa wodyedwa, zimauma ngati cikopa ndi kukhala miyezi yambiri, kotero kuti zimapezeka ngakhale nyengo yacisanu itafika. Komanso zimawapusitsa, pakuti youma imazuka ndi kugubuduzika ndi mphepo, ndipo pamene yapezeka sindipo nthawi zonse pamene inamera.

Malamulo anacedwa

Pa nkhani ya malamulo bowa wakhala mwana wamasiye. Maiko a ku Ulaya ali ndi pangano losunga zamoyo za m'thengo limene linasainidwa mumzinda wa Bern m'caka ca 1979. M'ndandanda zake muli nyama, mbalame, nsomba ndi zomera, koma bowa mulibe. M'caka ca 2003 akatswiri anaturutsa lipoti la mitundu 33 ya bowa imene anapempha kuti ilowe m'panganolo, ndipo Myriostoma coliforme unali pakati pake. Pempholo silinapite patsogolo. Ngakhale ziri conco, maiko oposa khumi a ku Ulaya anaulemba pa ndandanda zao-zao za zamoyo zimene ziri pangozi.

Ku Britain, m'caka ca 1998, mitundu inai ya bowa inaikidwa pansi pa citetezo ca lamulo la 1981 losunga zamoyo za m'thengo. Umodzi mwa iyo, Battarrea phalloides, umamera m'zitunda za mcenga za ku Norfolk ndi Suffolk komweko. Myriostoma sunalembedwe. Pa nthawiyo unali kuwerengedwa kuti ku England unatha, ndipo unatulukira patangopita zaka 8.

Bungwe la International Union for Conservation of Nature, limene limasunga ndandanda ya zamoyo zoopsezedwa pa dziko lonse, m'caka ca 2013 linali ndi mitundu itatu yokha ya bowa ndi ndere pa ndandandayo. Pofika mwezi wa March 2025 mitundu yopimidwa inakwana 1,300, ndipo 411 mwa iyo inapezeka kuti iri pangozi yakutha. Ciwerengero cimeneci ncocepa poyerekeza ndi mitundu pafupi-fupi 155,000 imene inapatsidwa kale maina, ndipo akatswiri a ku Kew, mumzinda wa London, amayesa kuti yonse pamodzi ndi yosadziwika ingafike 2,500,000.

Dzina limodzi, mitundu yambiri

Kwa zaka zoposa 200 mabuku anali kunena kuti Myriostoma ndi mtundu umodzi wokha, wopezeka ku Ulaya, ku America, ku Africa, ku Asia ndi ku Australia. Cikhulupiriro cimeneci cinali cotonthoza mtima. Munthu akanatha kunena kuti ngakhale bowawu utatha ku England kapena ku Netherlands palibe kanthu, pakuti ku Brazil ndi ku South Africa ulipo.

M'caka ca 2017 akatswiri a ku Brazil, ku Spain ndi ku Kew anafalitsa zimene anapeza atapima bowa wouma wocokera ku maiko osiyana-siyana. Anayerekeza maonekedwe a mabowo, khungu la kathumba ndi timbeu, napimanso DNA, ndiko kuti cizindikiro ca mtundu cimene camoyo ciriconse cimalandira kwa makolo ake. Anapeza kuti m'dzina limodzi lija munali mitundu inai. Wa ku Ulaya unatsala ndi dzina lakale. Wa ku Costa Rica unachedwa Myriostoma areolatum, wa ku Brazil Myriostoma calongei, ndipo wa ku South Africa Myriostoma capillisporum, cifukwa timbeu take tiri ndi tinthu totalika ngati tsitsi. M'caka ca 2019 wa ku Australia unapatulidwanso nuchedwa Myriostoma australianum.

Tanthauzo lake nlakuti citonthozo cija cinali cabodza. Mudzi umene unkayesedwa wa mbumba imodzi yaikulu unapezeka kuti ndi wa mabanja asanu ang'ono-ang'ono, lirilonse ndi dera lake. Wa ku South Africa sungalowe m'malo mwa wa ku Suffolk, ndipo wa ku Suffolk sungalowe m'malo mwa wa ku South Africa.

Zotere sizinacitikire Myriostoma wokha. M'caka ca 2000 munthu wina wokonda bowa anapeza nyenyezi ya pansi pansi pa mitengo ya paini ku Norfolk. Iye anaona kuti ikusiyana ndi zina, koma kwa zaka zambiri inawerengedwa ngati mtundu wodziwika kale umene wangosintha maonekedwe. Akatswiri a ku Spain ataipima, m'caka ca 2015 analengeza kuti ndi mtundu watsopano, naupatsa dzina lakuti Geastrum britannicum. Izi zinacitika m'dziko limene anthu akhala akulemba bowa wao kwa zaka zoposa 300.

Nyumba ya bowa wouma

Nchito yonseyi ikanakhala yosatheka popanda mabokosi aja a zinthu zouma. Ku Kew kuli nyumba yosungiramo bowa wouma imene inayamba m'caka ca 1879, pamene mbusa Miles Joseph Berkeley anapereka bowa umene anasonkhanitsa m'moyo wake. Lero muli zitsanzo pafupi-fupi 1,250,000, ciriconse m'kathumba kake ka pepala, ndipo pamwamba pake palembedwa malo ndi tsiku limene cinatoledwa. Katswiri wa lero akhoza kutsegula kathumba ka munthu amene anamwalira kale-kale, natengako kacidutswa kakang'ono, nayankha funso limene mwini wakeyo sanaliganizepo.

M'nyumba yomweyo ndi mmene anagwira nchito David Pegler, amene pamodzi ndi G. D. Piearce wa ku gawo lofufuza za nkhalango ku Kitwe analemba za bowa wodyedwa wa m'Zambia m'caka ca 1980. Ndi pamene ndelema unapatsidwa dzina lakuti Amanita zambiana, ndipo bowa waukulu wa pa zulu, umene cipewa cake cimafika mita imodzi m'mimba mwake, unachedwa Termitomyces titanicus. Bowa waukulu conco, umene anthu a m'midzi anali kuudya kuyambira makedzana ndi kuugulitsa m'mbali mwa miseu, unali usanalembedwe m'mabuku a sayansi kufikira caka cimeneco. Gogo amene amaphunzitsa mdzukulu wake kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha poyang'ana tsinde, kununkhiza, ndi kuona mtengo kapena culu cimene wamerapo, amagwira nchito yofanana ndi ya munthu wogwada mumcenga wa ku Meijendel. Kusiyana kwake nkwakuti gogoyo maso ake amathera pa za mumphika.

Nyenyezi za pansi zimameranso m'nkhalango za ku Africa, m'masamba oola ndi m'malo a mcenga, ndipo zouma zake zimaoneka bwino mvula ikatha. Amene angakumane nayo asaidye, ndiponso asalole ana kuiseweretsa pafupi ndi maso ndi mphuno cifukwa ca fumbi lake. Ayambe wawerenga pakamwa pake, kenaka ayang'ane kunsi kwa kathumba. Ngati mabowo ali ambiri ndipo timiyendo tiri tambiri, wapeza cinthu cimene akatswiri angafune kuciona. Asakumbe nthaka ya pamalopo, pakuti thupi la bowa liri m'menemo, ndipo asatole zonse. Atenge imodzi yokha, aiyanike pamthunzi podutsa mphepo mpaka iume gwa, aiike m'pepala osati m'pulasitiki mmene ingacite nkhungu, ndipo alembe tsiku, dzina la mudzi, mtundu wa nthaka ndi mitengo imene yazungulira malowo. Kathumbako akhoza kukapereka kwa mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya sekondale kapena ku ofesi ya za nkhalango pa boma.